MSONKHO WA PA MALIPIRO

Pa kutha kwa mwezi uli wonse mseu wa Cairo Road udzala ndi anthu kuyambira m'mamawa. Ena aima pa mizere ya ku mabanki, ena athamangira mabasi a ku Kabwata ndi ku Chelstone atasenza matumba a ufa, ndipo nkhope zao ziwala koposa masiku ena onse. Munthu ali yense wa pa nchito yolembedwa ali ndi kapepala kamene anchito amati peyisilipi. Ngati sikali m'thumba, kali m'lamya yace ya m'manja. Ambiri akalandira kapepalako maso ao athamangira pansi peni-peni, pamene palembedwa ndarama zimene zalowa ku banki, ndipo akaona pamenepo apukusa mutu, nakapinda, naiwala. Mizere ya pakati, imene ifotokoza kumene zapita ndarama zinazo, saiwerenga konse. Nkhani ya usiku uno ndi ya mizere ya pakatiyo, makamaka mzere umodzi wa malemba anai, PAYE, umene ndiwo msonkho wa Boma pa malipiro a munthu.

Mau akuti msonkho ali ndi mbiri yowawa m'dziko lino. Pa ciyambi ca zaka za m'ma 1900, pamene Kampani ya British South Africa inali kulamulira, akulu ace a ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, anaika msonkho pa nyumba za anthu. Msonkhowo unafuna ndarama, ndipo m'midzi munalibe ndarama. Cotero amuna anasiya minda ndi akazi ao, nayenda pansi masabata ambiri kunka ku migodi ndi ku mapulazi a ku Southern Rhodesia, ena mpaka ku Joni, kukafuna masheleni a Boma. Wopezedwa wopanda lisiti anali kugwidwa ndi amesenjala. Msonkho umenewo sunafunsa kuti munthu apata zingati. Wokhala ndi ng'ombe ndi wokhala ndi khasu lokha anasonkha mofanana.

Anchito a ku Migodi ali ndi cao cokumbukira. M'mwezi wa May, 1935, Boma la Northern Rhodesia linalengeza kuti msonkho wa amuna a ku Migodi wakwera kucokera pa 12s. 6d. kufika pa masheleni 15 pa caka, pamene ku madera ena a kumidzi linautsitsa. Ku Mufulira mbiriyi inagwera anthu modzidzimutsa, apolisi a pa mgodi akupfuula m'komboni kuti msonkho wakwera, popanda munthu wokhala pansi ndi kufotokoza cifukwa cace. Anthu anali kale ndi madandaulo a malipiro ocepa, a phoso, ndi a nkhanza za akapitao ena, ndipo mau a msonkho ndiwo anatsiriza kuwawitsa mitima. Nchito inaima ku Mufulira, pambuyo pace ku Nkana, ndipo pa 29 May ku Roan Antelope, ku Luanshya, apolisi anaomba mfuti napha anthu asanu ndi mmodzi. Bungwe limene linaikidwa kufufuza mlanduwo linapeza kuti kalengezedwe ka msonkhowo kanali cimodzi ca zoyambitsa cipolowe. Caka comweco ndico cimene likulu la dziko linasamuka ku Livingstone kudza kuno ku Lusaka.

Msonkho wa lero usiyana ndi uja pa zinthu ziwiri. Uwerengedwa monga mwa zimene munthu apata, ndiponso kawerengedwe kace kalembedwa poyera, kotero kuti ali yense wodziwa masamu a ku sukulu ya pulaimale akhoza kuuwerenga yekha pa cikuto ca kope la mwana wace. Komatu owerenga ngocepa. Ndipo munthu wosawerenga akhoza kulakwiridwa pawiri: akhoza kulipira zopitirira osadziwa kuti Boma liyenera kumbwezera, akhozanso kukhala ndi ngongole ya Boma iri kukula mwezi ndi mwezi iye ali mtulo.

Lamulo lalikulu la msonkhowu ndi Income Tax Act ya 1966, ndipo Nyumba ya Malamulo ilikonza caka ndi caka. Otolera ndi a Zambia Revenue Authority, amene anthu amangoti a ZRA. Anayamba nchito yao mu 1994, ndipo likulu lao liri ku Revenue House, mu Kalambo Road, pafupi ndi Cairo Road. Caka ca msonkho ciyamba pa 1 January ndi kutha pa 31 December. Kale cinali kuyamba mu April, ndipo akulu ena asokonezekabe pamenepa. Tanthauzo la PAYE ndi lakuti munthu asonkha pamene alandira. Wolemba nchito ndiye awerenga msonkho, naudula malipiro asanafike m'manja mwa mwini wace, nautumiza kwa a ZRA pasanapite tsiku la 10 la mwezi wotsatira.

Kawerengedwe kace kafanana ndi kuthira cimanga m'madengu anai oikidwa pa mzere, ndipo dengu laciwiri silandira kanthu loyamba lisanadzale. Mu 2024 ndi mu 2025 madenguwo anali otere. M'dengu loyamba munalowa K5,100 pa mwezi, ndipo m'menemo Boma silinatapa kanthu. Laciwiri linalandira K2,000 yotsatira, kufikira pa K7,100, ndipo m'menemo Boma linatapa K20 pa K100 iri yonse. Lacitatu linalandira K2,100, kufikira pa K9,200, ndipo linatapidwa K30 pa K100. Zonse zoposa K9,200 zinagwera m'dengu lacinai, limene liribe polekezera, ndipo m'menemo Boma linatenga K37 pa K100.

Citsanzo cace ndi kalaliki wa ku Kabwata wolandira K8,000 pa mwezi m'zaka zimenezo. K5,100 yoyamba iri yace yonse. Pa K2,000 yotsatira asonkha K400. Zatsala K900, zimene zigwera m'dengu lacitatu, ndipo pa izo asonkha K270. Msonkho wace wonse ndi K670. Akaona ciwerengero cina pa mzere wa PAYE, pali cifukwa cimene ayenera kucifunsa ku ofesi ya malipiro, mwaulemu koma osatopa, kufikira acimvetse.

Pali bodza limodzi limene liyenda kwambiri m'mabasi ndi m'mabawa, ndipo liyenera kuphedwa. Mnyamata wolandira K7,000 amva kuti afuna kumuonjezera K300, ndipo m'malo mokondwa adandaulira mkulu wace wa pa nchito, nati, "Akulu, akandikweza ndilowa m'gulu la 30, ndipo msonkho udzadya zonse. Kuli bwino andisiye pomwe ndiri." Mkuluyo akakhala wodziwa ayankha kuti, "Iai mphwanga, tenga pensulo." Pa K7,000 msonkho unali K380. Pa K7,300 ukhala K460, pakuti K200 yokha ndiyo yasefukira m'dengu lacitatu, ndipo ndiyo yokha itapidwa K30 pa K100. Msonkho wakwera ndi K80 cabe, ndipo ngakhale atacotsa zina zazing'ono, mnyamatayo apita kwao ndi K200 ndi kanthu pamwamba pa zimene anali kulandira kale. Palibe munthu amene asauka cifukwa ca kukwezedwa malipiro. Wakukana ukapitao poopa msonkho adzimana yekha.

Wa ku mgodi wolandira K15,000 pa mwezi adzaza madengu onse. Asonkha K400 m'laciwiri, K630 m'lacitatu, ndi K2,146 pa K5,800 imene iri m'lacinai, pamodzi K3,176. Kumeneko ndi kunena kuti pa K100 iri yonse ya malipiro ace onse Boma latenga monga K21, osati K37 monga anena ena. Koma dandaulo lace pa ovataimu liri ndi nzeru ndithu. Popeza madengu atatu adzala kale ndi malipiro a masiku onse, ndarama iri yonse ya ovataimu, ya bonasi ya Krisimasi, ya alawansi ya nyumba yolandiridwa m'manja, kapena ya masiku a livi amene wagulitsa, igwera m'dengu lacinai. Munthu amene wakhala pansi pa nthaka Sabata lonse kuti apate K1,000 yoonjezera aona K370 ya iyo iri kupita ku Boma. Zowawa, koma si kuba kwa kalaliki wa malipiro. Ndi momwe lamulo linalembedwera.

Pansi pa mzere wa PAYE pali mizere ina imene anthu aiphatikiza ndi msonkho, ngakhale siiri msonkho. Wa NAPSA ndi wa penshoni. Bungwe limenelo linayamba nchito mu 2000 m'malo mwa Provident Fund yakale. Wanchito apereka K5 pa K100, wolemba nchito naonjezapo K5 yace, ndipo pali malire a pamwamba amene asinthidwa caka ndi caka. Wa NHIMA ndi wa cipatala, ndipo unayamba kudulidwa mu 2019: K1 pa K100 ya malipiro eni-eni, wolemba nchito naperekanso cimodzimodzi. Kalaliki uja wa ku Kabwata, ngati K8,000 yace yonse iri malipiro eni-eni, adulidwa K400 ya NAPSA ndi K80 ya NHIMA, ndipo ku banki kulowa K6,850. Palinso kamsonkho ka Khansolo, K15 pa caka, kodulidwa pawiri, mu March ndi mu September, kamene kakumbutsa pang'ono msonkho wa mutu wa makedzana, ngakhale lero sikakwanira ndi mtengo wa buledi.

Pa za NAPSA pali cenjezo. Kudula pa kapepala ndi cinthu cimodzi, kutumiza ndarama ku bungwelo ndi cinthu cina, ndipo si olemba nchito onse amene acita zonse ziwiri. Mu 2023 lamulo linalola munthu amene wapereka miyezi 60, kapena wafika zaka 45, kutapako K20 pa K100 ya zimene anasunga, ndipo pa nthawi yotere miyezi yosoweka m'mabuku ndiyo ibvutitsa mwini wace. Wanchito ali ndi ufulu wa kupempha ndondomeko ya zopereka zace ndi kuilinganiza ndi mapepala ace a malipiro, mwezi ndi mwezi.

Tsono funso limene ambiri afunsa ndi ili: kodi palibe njira ya lamulo yocepetsera msonkho? Njira ziripo, koma nzowerengeka, ndipo ziri za mitundu iwiri imene anthu aisokoneza.

Mtundu woyamba ndi wa zocotsedwa pa malipiro msonkho usanawerengedwe. Munthu akapereka mphatso ya ndarama ku bungwe lothandiza anthu, limene Boma linalibvomereza kuti liri lotero, mphatsoyo icotsedwa pa zopata zace za pa caka, malinga isapitirire K15 pa K100 ya zopatazo. Cimodzimodzi ndarama zimene munthu alipira kuti akhale ciwalo ca bungwe la akatswiri a nchito yace. Koma pano pafunika kumvetsa. Wa ku mgodi uja akapereka K1,000 ku nyumba ya ana amasiye yobvomerezedwa, Boma silimbwezera K1,000. Lingoleka kuiwerengera msonkho, ndipo iye apulumutsa K370. Afunikanso lisiti, ndipo bungwelo likhale pa mndandanda wa obvomerezedwa. Ndarama zoponyedwa m'mbale ya pa maliro siziwerengedwa.

Mtundu waciwiri ndi wamphamvu koposa, pakuti ucotsedwa pa msonkho weni-weniwo, utatha kuwerengedwa. Umenewu uperekedwa kwa anthu olumala, ndipo mu 2024 unali K600 pa mwezi, ndiyo K7,200 pa caka. Kalaliki wa ku Kabwata akadakhala wolumala, wolembedwa m'kaundula wa Zambia Agency for Persons with Disabilities, msonkho wace wa K670 ukadatsika kufika pa K70 yokha. Thandizo limeneli silidza lokha. Mwini wace ayenera kutenga umboni wa kulumala kwace, nauonetsa kwa a ZRA ndi kwa omlemba nchito. Anchito a ku Migodi amene anataya mwendo, dzanja kapena diso, nabwezedwa pa nchito ya pamwamba, ayenera kufunsa za ici, pakuti K7,200 pa caka si ndarama yoti munthu aisiye pa njira. Akulu anati safunsa anadya phula.

Kupatula zimenezi, wanchito wamba alibe cina cocotsera. Kale gawo lina la ndarama za penshoni, kufikira K255 pa mwezi, linali kucotsedwa msonkho usanawerengedwe, koma zimenezo zinathetsedwa, ndipo PAYE iwerengedwa pa malipiro onse. Lamulo silicotsera kanthu cifukwa ca mkazi, ca ana, ca yunifomu ndi mabuku a sukulu, ca lendi, kapena ca makolo a kumudzi. Mbeta yogona m'cipinda cimodzi ku Kabwata ndi bambo wodyetsa pakamwa khumi, wolera ana a malemu mkulu wace pamodzi ndi ace, akalandira mofanana asonkha mofanana. Ocirikiza lamuloli anena kuti lapepukitsa nchito ndi kutseka njira za mabodza, pakuti ana a pa pepala akadaculuka koposa ana a pa bwalo. Ndipo m'mau amenewo muli zoona. Komabe m'dziko limene malipiro a munthu mmodzi adyetsa mudzi, nkobvuta kunena kuti anthu awiriwo asenza katundu wolingana. Cimene cimteteza wosauka ndi dengu loyamba lija lokha, ndipo ndico cifukwa cace anchito achera khutu pamene Nduna ya za Cuma iwerenga bajeti. Mu 2022 dengulo linali la K4,500, mu 2023 la K4,800, ndipo Dr. Situmbeko Musokotwane, powerenga bajeti pa 29 September, 2023, analikuza kufika pa K5,100. Ngati kukula kumeneko kwayenda pamodzi ndi mtengo wa ufa, amai a pa nyumba ndiwo angayankhe bwino koposa.

Pali cinthu cina cimene anchito a makontilakiti ayenera kucigwira ndi manja awiri. Ngakhale msonkho udulidwa mwezi ndi mwezi, lamulo liuwerenga pa caka conse. K5,100 pa mwezi ndiyo K61,200 pa caka, ndipo munthu amene zopata zace za caka conse sizinapitirira pamenepo analibe msonkho. Tsono wa ku mgodi uja wa K15,000 agwire nchito January, February, March ndi April, kontilakiti nitha, iye nabwerera kwa abale ace ku Chelstone, nakhala osapata kanthu kufikira December. Pa miyezi inai walandira K60,000, ndipo adulidwa K3,176 kanai, ndiyo K12,704. Koma K60,000 siifika pa K61,200. Ngati sanalandira cina ciri conse coyenera msonkho caka cimeneco, K12,704 yonseyo iri yace, ndipo ali ndi ufulu wa kuipempha kwa a ZRA. Ngakhale atalandira kandarama ka masiku a livi, kamene kawerengedwa pamodzi ndi malipiro, gawo lalikulu libwerabe kwa iye. Cofunika ndi kalata imene wolemba nchito ayenera kumpatsa pocoka, yosonyeza zonse zimene analandira ndi msonkho wonse umene unadulidwa, pamodzi ndi mapepala ace a mwezi ndi mwezi. Munthu wocotsedwa nchito acoka mtima uli m'mwamba, ndipo kalata imeneyi ndiyo aiwala kufunsa. Pofuna kuitsata pambuyo pace apeza kuti kampaniyo inapasula misasa kale. Kubweza kwa Boma sikufulumira, ndipo kufuna kudekha kwa munthu wofuna kuona maso a nkhono, koma kwa banja limene lakhala miyezi isanu ndi itatu popanda malipiro, ndarama zotere ndi lendi ya miyezi ingapo.

Opuma pa nchito adziwenso kuti malamulo akulu a dziko, monga anakonzedwa mu 2016, anena kuti ndarama za penshoni zisadulidwe msonkho, ndipo gilatuwite ya pa kutha kwa kontilakiti iwerengedwa m'gulu lomwelo.

Kufikira pano nkhani yakhala ya anthu amene wolemba nchito awacitira zonse. Munthu amene apata za pa nchito imodzi yokha, ndipo PAYE yace idulidwa bwino, kawiri-kawiri safunika kudzaza fomu ya pa caka. Koma mu Lusaka muno ndani akhala ndi malipiro okha? Wina ali ndi kanthemba pa cipata, wina minibasi, wina kanyumba ka kuseri. Pa zopata zotere palibe kalaliki wodula. Mwini wace ndiye ayenera kudziulula.

Citsanzo ndi mai wamasiye wa ku Chelstone amene amuna ace anamsiyira nyumba ndi kanyumba ka kuseri, ndipo m'kanyumbamo mukhala mphunzitsi wolipira K2,500 pa mwezi. Kale wokhala m'nyumba ndiye anali ndi udindo wa kudula K10 pa K100 ya lendi ndi kuitumiza ku Boma, ndipo panali mikangano yosatha, pakuti ndani alimba mtima kuuza alandilodi kuti, "Amai, mwezi uno ndakudulaniko"? Kuyambira 2022 udindowo uli pa mwini nyumba. Mu 2024, K12,000 yoyamba ya lendi ya pa caka inalibe msonkho, ndipo yotsala inasonkhedwa K4 pa K100. Maiyo alandira K30,000 pa caka. Kucotsapo K12,000 kutsala K18,000, ndipo msonkho wace mu 2024 unali K720 pa caka, ndiyo K60 pa mwezi, yolipidwa pasanapite tsiku la 14 la mwezi wotsatira. Ndarama yocepa, yosafika ndi pa mtengo wa nkhuku. Koma amai ambiri otere sanalembetsa konse, ena posadziwa, ena poopa kuti Boma likadziwa lidzawalanda nyumba. Mantha amenewo ndiwo awavulaza, pakuti msonkho wocedwa ulipitsidwa cilango ca K5 pa K100 mwezi uli wonse, ndi ciongola dzanja pamwamba pace, ndipo ngongoleyo imaonekera tsiku loipa, pamene afuna kugulitsa nyumbayo kapena kusintha dzina la pa mapepala ace. Eni nyumba zazikulu za ku Kabulonga ndi ku Woodlands, zimene akazembe ndi makampani alipira lendi yoposa K800,000 pa caka, anali kusonkha K12.50 pa K100 m'caka comweco.

Wa kanthemba kapena wa kashopu ali ndi msonkho wace wa pa zogulitsa, wosayang'ana phindu. Mu 2024 unali K4 pa K100 kwa ogulitsa zosapitirira K800,000 pa caka, ndipo mu 2025 unakhala K5 pa K100, malire ace nakwera kufika pa K5,000,000. A mamimibasi ndi matakisi asonkha monga mwa ciwerengero ca mipando ya galimoto.

Fomu ya pa caka yeni-yeni igwera makamaka anthu onga injiniya wopuma wa ku Woodlands, amene makampani amuitana kukapereka uphungu namlipira pa nchito iri yonse. Munthu wotere saloledwa kulowa m'msonkho wa pa zogulitsa. Womlipira adula K15 pa K100 natumiza kwa a ZRA, nampatsa umboni wace, koma pamenepo nkhani siinathe. Pofika pa 31 March iye ayenera kuuza a ZRA zimene ayembekeza kupata caka cimeneco, nalipira msonkho wace m'zigawo zinai: pa 10 April, pa 10 July, pa 10 October ndi pa 10 January. Caka cikatha apereka fomu yotsiriza pasanapite 21 June, m'mene alemba zonse zimene anapata, nacotsa zimene anaononga pa nchitoyo, monga mafuta a galimoto ya pa ulendo wa nchito ndi lendi ya ofesi, osati za pa nyumba pace. Msonkho ukawerengedwa, acotsapo K15 pa K100 ija imene inadulidwa kale, ndi zigawo zinai zija. Kukatsala kanthu alipira. Akakhala atapitiriza, Boma likhala ndi ngongole kwa iye. Wotaya mapepala a umboni ataya ndarama zace zomwe.

Khomo la zonsezi ndi nambala ya msonkho, TPIN, ya malemba khumi. Iperekedwa kwaulere kwa munthu wokhala ndi citupa ca NRC, ku maofesi a ZRA kapena pa intaneti, ndipo kuyambira 2017 mabanki aifuna kwa ali yense wosunga ndarama. Kukhala ndi TPIN sikutanthauza kuti munthu wayamba kusonkha. Ndi dzina lace cabe m'mabuku a Boma. Anyamata oima pafupi ndi maofesi, amene alonjeza kuitenga msanga pa mtengo wakuti-wakuti, agulitsa cinthu cimene sicigulidwa. Mafomu ambiri lero adzazidwa pa intaneti, pa njira yochedwa TaxOnline, ndipo nkhalamba yosazolowera kompyuta icita bwino kupita yokha ku ofesi ndi mdzukulu wodalirika koposa kupatsa mlendo mau ace acinsinsi.

A ZRA nao ndi anthu, ndipo akhoza kulakwa. Munthu akalandira kalata yomuuza msonkho umene iye aona kuti suli woona, ali ndi masiku 30 akulemba kalata yokana, nafotokoza zifukwa zace. Akapanda kukhutira ndi yankho, apita ku bwalo la milandu ya msonkho, Tax Appeals Tribunal. Anthu a ku Mufulira mu 1935 analibe khomo lotere logogodapo. Koma pa bwalo limenelo mau a pakamwa sapambana mlandu. Apambana ndi mapepala, ndipo lamulo lifuna kuti mabuku ndi malisiti a msonkho asungidwe zaka zisanu ndi cimodzi. Envulopu imodzi yaikulu pansi pa sutikesi ikwanira caka cimodzi.

Ziwerengero zimene zachulidwa m'nkhani ino ndi za zaka zimene zanenedwa, ndipo zisintha. Nduna ya za Cuma iwerenga bajeti m'Nyumba ya Malamulo ca kumapeto kwa September, pokhapo pa caka ca masankho pamene icedwerapo, ndipo zosinthazo ziyamba kugwira nchito pa 1 January. A ZRA asindikiza madengu atsopano m'manyuzipepala ndi pa intaneti. Cotero kapepala koyenera kuwerengedwa ndi pensulo m'manja ndi ka January, pakuti ofesi ya malipiro ikaiwala kusintha ziwerengero zace mwezi umenewo, colakwaco cibwerezedwa mu February ndi mu March, kufikira wina acione.